Pepala lanji lofinyira rosin? Langali likumata ndi kung'ambika

Mlimi_waLuwinga

Moni nonse muno. Ine ndimakhala ku Luwinga koma ndili mu kagulu ka alimi kamene kakulima chamba cha hemp (cha mafakitale, osati chosuta) ndi chiphaso, munda wathu uli cha ku Ekwendeni. Titakolola ndinatengako maluwa pang'ono kubwera nawo kunyumba chifukwa ndinaona pa YouTube anthu akufinya rosin, aja mafuta omata ngati ulimbo amene amatuluka ukapanikiza duwa pakati pa zitsulo ziwiri zotentha osathira mankhwala alionse. Zinandigwira mtima chifukwa alimife timangogulitsa zinthu zosakonza, fodya choncho, soya choncho, phindu amadya ena. Ndiye ndinabwereka flat iron ya tsitsi ya mlongo wanga nkugula pepala la mpukutu m'tauni, wogulitsa anandiuza kuti ndi lophikira. Nditapanikiza pepala lija linangonyowa lonse, fungo ngati la kandulo, mafuta omwe anatuluka anali otuwa ndipo kuwachotsa papepala zinakanika. Ndinayesanso lina lija amakulungira chips, ilo ndiye linamatirira nkung'ambika tizidutswa. Ndikulakwitsa pepala kapena moto? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde, ndigule lotani ndipo muno mu Mzuzu likupezeka?

MamaMakeke_Katoto

Achimwene za chamba ine sindidziwa kanthu, koma mapepala ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndimaphika makeke a ukwati. Fungo la kandulo mwanenalo landiuza zonse, anakugulitsani wax paper. Limenelo amalipaka phula la parafini, longa lomwe amapangira makandulo, ndipo phulalo limasungunuka msanga kwambiri, madzi asanafike nkomwe powira. Ntchito yake nkukulungira masangweji ndi maswiti kapena kulekanitsa zinthu mu firiji basi, pamoto ayi. Ine ndinaonongapo keke ya munthu yosanjikiza katatu ndikungoyamba kumene bizinesi, ndinalira usiku onse ndipo ndalama ndinabweza, ndiye ndikaona wina akugwa m'mbuna yomweyo mtima umandipweteka.

Lachiwirilo ndi greaseproof, limangoletsa mafuta kudutsa koma silinapakidwe choletsa kumata, nchifukwa chake ife tikaligwiritsa ntchito timayamba talipaka majarini. Lomwe mukufuna pabokosi pamalembedwa baking paper kapena parchment paper, ndipo mufufuze mawu oti silicone (ndiye amapakayo kuti lisamate) ndi non-stick. Ambiri amalembanso kuti limapirira mpaka madigiri 220. Pakapanda kulembedwa nambala ya kutentha ine sindigula, olo wogulitsa alumbire bwanji.

Vuto la kuno nloti ena amagula chimpukutu chachikulu nkumadula kugulitsa pa mita opanda bokosi, ndiye sudziwa wagula chani. Mukapeza lotero pemphani kachidutswa muyese pompo. Kandani ndi chikhadabo, likakhala la phula pansi pa chikhadabo patsala zoyera. Kenako matani selotepu nkumatula, pa la silicone imachoka yokha mosavuta osatenga kanthu, pa greaseproof imagwira mpaka kusenda pepala. Dontho la madzi nalo pa silicone limangokhala lozungulira nkumagubuduka ngati patsamba la koko. Yesani mbali zonse ziwiri chifukwa ena amapaka mbali imodzi yokha. Ine ndimagula m'masupamaketi a m'tauni pa shelefu ya ufa wa makeke ndi foil, likasowa ndimatuma anzanga opita ku Lilongwe.

Wakujoni_Chibavi

Mama anena zoona zokhazokha. Ine ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo kumeneko kuyambira 2018 khoti lalikulu linalola kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito chamba payekha kunyumba kwake, ndiye zofinya rosinzi ndinaziona ndi maso kwa mnzanga amene tinkakhala naye yadi imodzi, anali ndi makina ake enieni a jeke.

Choyamba aise, zomwe munafinya pa wax paper zija tayani. Musanunkhize pamoto, musapatse munthu, phula lasakanikirana ndi mafutawo ndipo simungalilekanitsenso, kutuwa kuja ndi phulalo. Nyuzipepala, pepala la kaki, la m'kope, zonsezo ayi, inki ndi ulusi wa pepala zimalowa m'mafuta. Foil nayo imamata nkunyenyeka.

Pa nkhani ya moto, rosin safuna kutentha kwa uvuni ayi, anthu amafinya maluwa pa madigiri 80 mpaka 105 cha pamenepo, ndiye baking paper yeniyeni singapse. Chomwe chimapha pepala ndi kupanikiza. La kukhitchini limakhala lopyapyala, cha m'ma 40 gsm (magalamu pa sikweya mita), pa flat iron limakwanira koma pa jeke limaphulika pakati mafuta nkuthawira pazitsulo, nde anthu amaliphatikiza awiri kapena kuitanitsa lokhuthala lomwe amagulitsira ntchito imeneyi. Ndipo pepala mukalifinyira kamodzi musalibwereze, silicone imakhala yatha mphamvu pamene panapanikizidwapo. Flat iron zambiri za m'masaluni ngakhale muike potsikitsitsa zimatenthabe kupyola pamenepo, mwina nchifukwa chakenso zanu zinafuka.

Chinanso, pali mapepala ena oletsa kumata amene sapaka silicone koma mankhwala otchedwa Quilon, muli chromium m'menemo, amakhala otchipa ndipo anthu odziwa amawapewa. Za mtundu, labulauni ndi loyera onse amagwira ntchito, labulauni kungoti silinayeretsedwe ndi mankhwala, koma musamale poti wax paper nayonso ilipo yabulauni, mtundu pawokha sukuuzani kanthu. Ndipo ndi chinyezi cha Mzuzu chino, makamaka June ndi July kukamachita kamvula kowaza kaja, pepala mukalisiya pamtunda limafewa nkupindikapindika.

Mkulu_waZolozolo

Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo za mapepala anzakowa akuthandiza bwino, koma ine chandidetsa nkhawa ndi chiganizo chako choyamba chija, choti unatenga maluwa kumunda nkupita nawo kunyumba. Lamulo lomwe aphungu anavomereza mu 2020 linalola chamba cha mankhwala, cha mafakitale ndi cha kafukufuku chokha, ndipo zonse zimayenda ndi ziphaso zochokera ku bungwe loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Kulima ndi chilolezo chake, kukonza ndi chake, kusunga, kugulitsa ndi kutumiza kunja chimodzimodzi. Chiphaso cha gulu lanu chimatchula malo ake ndi ntchito yake. Nyumba yako ya ku Luwinga ilipo pamenepo? Kufinya mafuta ndi kukonza kumeneko, olo ukhale ukuchita ndi kachitsulo ka tsitsi. Malawi si Joni, lamulo loletsa mankhwala ozunguza bongo la Dangerous Drugs Act likugwirabe ntchito, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko akakupeza ndi maluwa m'chikwama sangasiyanitse ndi maso kuti iyi ndi hemp ichi nchamba chosuta, zimafanana maonekedwe ndi fungo lomwe. Ukagwidwa suvutika wekha, anzako onse amene anasonkha ndalama zawo kuti mupeze chiphasocho alowa nawo m'mavuto. Maganizo ako ofuna kuti alimi azikonza okha zokolola ine ndikugwirizana nawo ndi mtima onse, ndalima fodya zaka zambiri ndipo ndikudziwa kuwawa kwake kogulitsa tsamba pamtengo wonena wina. Koma pita nawo ku komiti yanu, muwerenge chiphasocho bwinobwino, ngati kukonza mulibemo mulembe kalata yofunsa ndondomeko yake.

Mlimi_waLuwinga

Yewo chomene nonse. Mama ndakanda pepala lija ndi chikhadabo monga munanenera, zoyera zatsaladi, ndi phula ndithu. Zomwe ndinafinya ndataya kale. Adada a ku Zolozolo mwandiopsa koma mwandithandiza, kunena zoona ine ndimaona ngati poti gulu lili ndi chiphaso ndiye kuti membala aliyense ndi wotetezedwa kulikonse. Ndawaimbira a tcheyamani madzulo ano ndawauza zonse osabisa, akuti maluwa otsalawo ndisayende nawonso pa minibasi ndekha, abwera okha ndi mapepala a gulu kudzawatenga, ndipo nkhani yokonzayi tikaikambirana pa msonkhano wa Loweruka. Mama ndifunsenso, mpukutu umodzi ndikagula ungakhale nthawi yaitali bwanji osaonongeka? Chifukwa zachilolezozi zikhoza kutenga miyezi.

MamaMakeke_Katoto

Siliola achimwene, mdani wake ndi chinyezi ndi fumbi basi. Ine ndimalisiya m'bokosi lake nkuliika mu jumbo yomanga pakamwa, m'kabati kutali ndi mbaula, limatha chaka lili bwinobwino. Koma musathamangire kugula pano, dikirani kaye za Loweruka zo. Zikatheka mudzandiuze muno, ndidzakudulirani theka la mita la langa mukayesere selotepu ija kuti podzagula mudzadziwe lenileni m'manja.