Nsapato za loafer popanda masokosi: kodi ndingapite nazo kwa apongozi?

Mkamwini wamawa, Mufakose

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse. Funso langa ena angalione ngati laling'ono, koma landisowetsa mtendere kwa masabata awiri, ndipo tsiku lofunika kuti ndikhale nditapeza yankho layandikira. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni muno mu Harare, chakufupi ndi First Street, ndipo mwezi watha ndinagula nsapato za loafer zachikopa chofiirira, zija zopanda zingwe zokhala ndi kalamba kopingasa pamwamba pa phazi. Anyamata amene ndimagwira nawo ntchito amazivala popanda masokosi, thalauza litalekezera pamwamba pa akakolo, ndipo zimawakhala bwino ndithu, makamaka mwezi uno wa Okutobala pamene dzuwa likuswa mtengo. Inenso ndinayesa masiku atatu otsatizana. Tsiku loyamba ndinamva kupepukidwa, koma pofika lachitatu ndinatsika kombi ndikutsimphina chifukwa cha thuza limene linatuluka kuchidendene, ndipo mayi anga atandiona pachipata anandifunsa ngati ndasowa ndalama yogulira masokosi.

Chimene chandibweretsa kwenikweni ndi ichi: Loweruka la sabata yamawa ndikupita ndi amalume anga ku Highfield kukapereka malowolo. Banja la mkazi amene ndikufuna kukwatira ndi la Chishona, ndipo nkhoswe yathu, imene iwo amati munyai, yatichenjeza kale kuti tikavule nsapato pakhomo tisanalowe m'nyumba. Nsapato zabwino zimene ndili nazo ndi zomwezi. Kodi ndizivale monga mmene anzanga amavalira, kapena ndivale ndi masokosi? Ndipo ngati ndi masokosi, akhale a mtundu wanji kuti nsapato zisataye maonekedwe ake?

Wosoka nsapato wa ku Mbare

Mwanangu, wachita bwino kufunsa tsikulo lisanafike. Ine ndakhala ndikusoka nsapato kuno ku Mbare kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo nsapato ndimaidziwira m'kati mwake, kumene mwini wake sayang'anako. Munthu akandibweretsera loafer, ndisanamufunse kanthu ndimapisamo dzanja, ndipo ndimadziwiratu ngati amaivala ndi masokosi kapena ayi. Ya munthu wovala masokosi imakhala yosalala m'kati ngakhale itatha zaka zisanu. Ya munthu wosavala masokosi, kachikopa kopondapo phazi kamakhala katada bii ndi kupindika m'mbali, malo a zala zonse zisanu atadindika ngati munthu waponda m'matope, ndipo kunja kwake, pamene nsapato imapindikira poyenda, pamaoneka mzere woyera wa mchere. Mchere umenewo ndi wa thukuta. Ukalowa m'chikopa umachiumitsa, chikopa chimayamba ming'alu, ulusi umafumbwa ndipo guluu amasiya kugwira. Mng'alu wa pamwamba pa nsapato ine sindingaukonze, ndingathe kungoubisa ndi polishi kwa masiku ochepa.

Sindikukana kuti masiku otentha ano masokosi amatopetsa, koma sokosi ndi imene imamwa thukuta n'kukalitaya m'beseni madzulo, pamene nsapato yachikopa sungaichape tsiku ndi tsiku.

Za kwa apongozi, ndikuuze monga mmene bambo anga akanakuuzira. Iwo anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo ankagwira ntchito yophika m'nyumba ya azungu. Anali ndi nsapato imodzi yokha ya Bata, yopangidwa ku Gweru kumene kampaniyo yakhala ndi fakitale kuyambira 1939, koma Loweruka lililonse madzulo ankaipaka polishi mpaka iwale, masokosi ake atachapidwa n'kuyanikidwa pawaya, kukonzekera mapemphero a Lamulungu ku CCAP. Kwa anthu a m'badwo umenewo, ndiponso kwa ambiri mwa akuluakulu amene ukawapeze ku Highfield, mwamuna wovala nsapato popanda masokosi ndi munthu amene sanamalize kuvala. Sadzakuuza, koma adzaona. Uzikumbukiranso kuti m'chilankhulo chathu lofa ndi munthu wosagwira ntchito, wongoyendayenda, ndipo iwe ukupita kukasonyeza anthu kuti ungathe kusunga mwana wawo. Vala masokosi aatali, ochapa bwino, opanda chibowo ngakhale chimodzi.

Wogulitsa zovala zachimuna, Eastlea

Agogo a ku Mbare anena zoona pa nkhani ya tsiku la malowolo, ndipo pamenepo sinditsutsa. Koma achimwene, ndikufuna ndiikire kumbuyo pang'ono anzanu a ku ofesi aja, chifukwa kavalidwe kawo sikopanda pake, kokha kuti pali zina zimene sanakuuzeni.

Nsapato imeneyi kuyambira pachiyambi inali ya nthawi yopuma. Inachokera ku Aurland, m'dziko la Norway, kumene mmisiri wina dzina lake Nils Tveranger, amene anaphunzira kusoka nsapato ku America, anayamba kupanga nsapato zopanda zingwe cha m'ma 1930. Kampani ya G.H. Bass ya ku Maine inatenga kapangidweko mu 1936 n'kutcha nsapato zake Weejuns, dzina lodulidwa kuchokera ku mawu akuti Norwegians. Kalamba kamene mwanena kali pamwamba pa nsapato zanu kali ndi kabowo pakati, ndipo ophunzira a m'makoleji a ku America m'zaka za m'ma 1950 ankalowetsamo khobidi la peni, n'chifukwa chake mtundu wanuwo umatchedwa penny loafer. Ophunzira omwewo ankazivala ndi masokosi oyera kapena popanda masokosi n'komwe. Mu 1953 kampani ya Gucci ya ku Italy inatulutsa loafer yokhala ndi kachitsulo kofanana ndi kamene amaika m'kamwa mwa hatchi, ndipo pang'ono ndi pang'ono nsapatoyi inayamba kuvalidwa ndi suti m'maofesi. Ndiye njira zonse ziwiri, ya masokosi ndi yopanda masokosi, zakhalapo kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimasankha ndi malo amene munthu akupita.

Tsopano chimene anzanu sanakuuzeni. Ambiri mwa anyamata amene mumawaona ku Joina City kapena ku Sam Levy's Village akakolo ali pamtunda, sikuti m'nsapatomo muli phazi lokha. Amavala timasokosi tobisika, timene timaphimba zala, pansi pa phazi ndi chidendene basi, n'kulekezera m'munsi mwa mlomo wa nsapato. Pogula timeneti muziyang'ana kuti kumbuyo kwake, m'kati, kuli kamzere ka labala kogwira chidendene, chifukwa topanda labala timavuka mukangoyenda pang'ono n'kukaunjikana pansi pa phazi. Ine ndinagulapo totchipa m'sitolo ina m'tauni, ndipo ndisanafike pa Africa Unity Square ndinali nditaima kawiri kutikoka. Musankhe ta thonje, osati ta nayiloni yekhayekha.

Kavalidwe kameneka kamayenerana ndi thalauza lopepuka, lothina pang'ono kumiyendo, lolekezera pamwamba penipeni pa nsapato osapindikira pansi. Kamayenera Lachisanu ku ofesi ngati abwana salimbikira za tayi, pokacheza Loweruka masana, kapena paphwando la panja. Ndi suti yakuda ndi tayi, ine sindikuvomereza, ngakhale ndimaona akwati ena akujambulitsa chomwecho. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, pamene m'mawa kuno kumazizira mpaka udzu kuyera, kuonetsa akakolo n'kudzizunza chabe.

Ku Highfield musavale timasokosi tobisikato ayi. Mukavula nsapato pakhomo, timaoneka ngati kansalu kongokulunga zala, ndipo pamaso pa akuluakulu n'kwabwino kukhala ndi sokosi yeniyeni. Popeza nsapato zanu ndi zofiirira, ngati thalauza lili la buluu wakuda kapena lotuwa, masokosi atsatire mtundu wa thalauza, osati wa nsapato, kuti mwendo uoneke wopitirira bwino mpaka pansi. Akhale opyapyala, chifukwa loafer ilibe zingwe zoti mumasule, ndipo sokosi yokhuthala ya masewera idzakufinyani phazi n'kutanula chikopa. Akhalenso aatali mpaka pakatumba, popeza mudzakhala pansi nthawi yaitali miyendo itapindidwa, thalauza lidzakwera, ndipo khungu lisaoneke pakati pa thalauza ndi sokosi. Oyera ngati a ana asukulu muwasiye. Michael Jackson ankavala masokosi oyera ndi loafer yakuda kuti anthu aone bwino mapazi ake akamavina, koma inu simukufuna kuti maso a anthu akhale pamapazi anu tsiku limenelo.

Namwino wa ku Tafara

Achimwene, ine ndiyankhapo za phazi lenilenilo. Mapazi awiri a munthu ali ndi tiziwalo totulutsa thukuta pafupifupi 250,000, ndipo thukuta palokha silinunkha. Fungo limabwera pamene tizilombo ta bakiteriya tokhala pakhungu tayamba kudya thukutalo pamodzi ndi khungu lakufa, m'malo ofunda ndi achinyezi monga m'nsapato yotsekeka. Malo omwewo ndi amene amakonda nkhungu yoyambitsa linyetsu, kuyabwa ndi kusupuka kwa pakati pa zala kuja, komanso imene imachititsa zikhadabo kukhuthala ndi kusanduka zachikasu. Ndimaona anyamata ambiri akubwera ndi vutoli mvula ikangoyamba mu Novembala, nsapato zikamanyowa ndi kuvalidwanso m'mawa zisanaume.

Thuza lanulo musaliboole ndi singano ngati silikukupwetekani kwambiri. Litsukeni ndi madzi ndi sopo, muliphimbe ndi pulasitala, ndipo nsapatozo muzipumitse mpaka pachire. Likafiira mozungulira, kutentha kapena kutulutsa mafinya, pitani kuchipatala. Posamba muziumitsa bwino pakati pa zala, ndipo masokosi, aatali kapena obisika, musawavale kawiri osachapa.

Kwa amene akuwerenga ali ndi matenda a shuga, nkhani iyi si ya maonekedwe. Shuga amatha kupha mitsempha ya kumapazi moti munthu samva nsapato ikamamusupula, ndipo kabala kakang'ono kamachedwa kupola mpaka kusanduka chilonda chachikulu. Munthu wotere asavale nsapato yotsekeka popanda masokosi ngakhale tsiku limodzi, ndipo aziyang'ana mapazi ake madzulo aliwonse.

Ndinenenso monga mayi amene ndinalandirapo akamwini m'nyumba mwanga. Pamene amuna akukambirana za ng'ombe ndi ndalama, ife amayi timakhala titakhala pamphasa, pafupi ndi mapazi a alendo, ndipo timaona zonse. Wengani zikhadabo, dzolani mafuta kuzidendene, ndipo mutenge masokosi ena m'thumba oti mukasinthe m'galimoto musanatsike, chifukwa kutenthaku n'koopsa ndipo mwina adzakudikiritsani panja nthawi yaitali asanakulowetseni.

Mkamwini wamawa, Mufakose

Zikomo kwambiri agogo, achimwene ndi amayi. Ndagula masokosi awiri a thonje, opyapyala, a buluu wakuda ofanana ndi thalauza langa, ndipo ena ndidzawatenga m'thumba monga mwanenera amayi. Thuza lauma. Timasokosi tobisika ndidzatiyesa ku ofesi nkhani ya ku Highfield ikatha. Koma ndapeza vuto lina: nditavala nsapatozo ndi masokosi dzulo madzulo, ndaona kuti ya kumanzere ikuvuka kuchidendene ndikamayenda, zimene sizinkachitika phazi lili lokha. Agogo, kodi pamenepa pali chochita, kapena ndinagula saizi yolakwika?

Wosoka nsapato wa ku Mbare

Saizi siyolakwika, mwanangu. Phazi lonyowa ndi thukuta limamatirira kuchikopa, n'chifukwa chake sinkavuka, ndipo kumatirira komweko pamodzi ndi kukhulana n'kumene kunakutulutsa thuza. Sokosi ndi yoterera, choncho yangoonetsa mpata umene unalipo kale, ndiponso anthu ambiri phazi lina limakhala locheperapo pang'ono kuposa linzake. Pita nayo kwa wosoka nsapato aliyense kwanuko, umuuze amate kachikopa kofewa m'kati mwa chidendene, mbali yake yokhakhala ikhale yoyang'ana kuphazi kuti izigwira sokosi. Ngati ikuvukabe, amatenso kena pansi pa lilime la nsapato, kuti kazikankhira phazi m'mbuyo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ndipo siyodula. Usaike thonje kapena mapepala kutsogolo kwa zala monga amachitira ena, chifukwa zimenezo zimafinya zala koma chidendene chimavukabe.

Masiku atatu aja thukuta linalowa m'chikopa, ndiye pukuta m'katimo ndi kansalu konyowa pang'ono, uikemo nyuzipepala yofwanyafwanya, uzisiye pamthunzi podutsa mphepo kwa tsiku lathunthu. Usaziike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chikopa chingaume gwa. Polishi upake Lachisanu madzulo, wofiirira wofanana ndi chikopacho, pang'ono chabe, udikire aume kenako upukute ndi burashi yofewa. Povala usapondereze kumbuyo kwa nsapato ndi chidendene, lowetsa phazi mothandizidwa ndi chogwirira cha supuni ngati ulibe chovalira nsapato. Ndipo pakhomo paja, ukavula, uziike pamodzi bwinobwino pambali pa za amalume ako, osati pakati pa khomo pamene anthu akudutsa.