Za opaleshoni ya achemwali

Achimwene aakulu (Nchalo): Mwaswera nonse? Tangofika kuchokera ku Queens. Chotupa chija cha m'bere mwa achemwali akuti ndi khansa, koma chikadali chaching'ono. Achotsa chokhacho, bere alisiya. Agonekedwa Lamulungu, opaleshoni Lachiwiri.

Azakhali (Bangula): Mayo ine! Koma ana inu, mpeni ukakhudza nthenda imeneyi suyimwaza thupi lonse? Bwanji tiyambe tayesa zachikuda?

Namwino wathu: Ayi azakhali, choopsa n'kuchedwa, osati mpeni. Amachotsa chotupacho limodzi ndi kamnofu kozungulira, n'kukapima ngati m'mbali mwake simunatsale khansa. Amaonanso anabere a m'khwapa. Ikapezeka kuti yatsalira, amadulanso. Bala likapola pamabwera kuwotcha ndi makina, masabata angapo. Ndiye tisati Lachiwiri zatha.

Atsibweni (Ngabu): Nanga osangochotsa lonselo bwanji, tione zina?

Achemwali: Atsibweni, ndikuwerengatu. Adokotala anandifotokozera njira zonse ziwiri. Anati kwa chotupa ngati changachi, bola ndikamalize kuwotchako, mwayi wochira ndi umodzimodzi. Ndasankha ndekha.

Atsibweni (Ngabu): Pepani mayi, ndamva. Ine ndigulitsa mbuzi imodzi.

Achimwene aakulu (Nchalo): Zikomo atsibweni. Khomo lililonse K20,000 pofika Lachisanu, pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene watumiza alembe pano. Aku Joni, tikukuonanitu muli online.

Waku Joni: 😂 ndili pantchito achimwene. Thiransipoti yonse ndi yanga. Koma pobwerera musawapanikize mu minibasi, kutsika Thabwa ndi bala latsopano si masewera. Pezani galimoto.

Alamu: Gadiyani ndikhala ine. Ufa, mbaula ndi kapoto ndatenga kale. Ana ndiye ndiwasiyira ndani?

Azakhali (Bangula): Abwere kuno. Koma Lamulungu mudutse kutchalitchi kaye, abusa awapempherere.

Namwino wathu: Alamu, muwatengere bulauzi yomanga kutsogolo, mkono sukwera bwino masiku oyamba. Adokotala akanena kuti asadye usiku wa Lolemba, ngakhale phala ayi, musawamvere chisoni. Akabwera kunyumba, ndi kutentha kwathu kuno bala lizikhala louma. Khasu ndi ndowa aiwale kaye.

Achemwali: Nanga kudimba? Chimanga changa mbalame zitha.

Atsibweni (Ngabu): Anyamata alipo, ndiwatuma.

Achimwene aakulu (Nchalo): Atumiza atatu basi. Lamulungu tikumane pa Dyeratu 6 koloko, buku la kuchipatala musaiwale.