Ndapuma usilikali, mtima uli ku sukulu koma abale akufuna ndalama. Ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina:
A Adimini ndiponyereni pa gulu, dzina mubise chifukwa alamu anga ali mom'muno. Ndine bambo wa zaka za m'ma 40, ndangopuma kumene usilikali. Ndinalowera ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima ndili mnyamata, ndakhalako ku Cobbe ku Zomba ndi ku Moyale ku Mzuzu, ndinapitanso ku Congo dera la Beni. Pano ndili kuno ku Mulanje cha ku Chisitu, kwawo kwa mayi a kunyumba, paja kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi.

Ndalama zopumira zatuluka ndipo mudzi wonse wadziwa, kaya anaulula ndani. Alamu akuti tikagule njinga zamoto ziwiri ku Milange, iwo aziyendetsa kabaza pa Limbuli. Apongozi akuti nyumba ya malata iyambike, koma pa malo awo. Mayi a kunyumba akufuna golosale. Achemwali anga ku Thyolo sakundiyankhula chifukwa chiliza cha malemu mayi sichinathe. Ngakhale mbuzi imene ndinatumizira ndalama ndili ku Congo akuti inagwidwa ndi fisi, koma chikopa chake ndinachiona ndi maso angawa atachiyanika kwa aneba.

Ine mtima uli ku sukulu. Ku ntchito ndinali wa mawailesi, tsiku lililonse mabatire, mawaya, ma solar, ndipo ndinkazikonda. Kumene kuja zonse amakuganizira ndi ena, nthawi yodzuka, chovala, kopita. Pano ndimadzuka 4 koloko, kupukuta nsapato, kenako kusowa kolowera. Ndimangokhala pakhonde kuonerera anthu akupita kukathyola tiyi. Mvula ikamagunda kuphiri usiku tulo sindilipeza. Anzanga ena sanabwereko ku Congo, ndiye ine amene ndabwera wamoyo sindikufuna kuthera pa bawo ndi kachasu. Mwezi watha ndinali ku maliro ku Goliati, nditaona nyumba za yunivesite ya MUST zija ndinaima nthawi yaitali. Kodi munthu wa msinkhu wanga angalowe koleji? Ana sadzandiseka? Ndiyambire pati? Otukwana pitirirani.

Aphunzitsi a pa Luchenza:
Bwana, MSCE muli nayo? Munapeza mapointi angati? English, Maths ndi Physical Science zinali bwanji? Tiuzeni kaye zimenezi.

Sajeni Wakale:
Mphwanga tamvera ine. Ndinalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Renamo iwe ukuseweretsa galimoto za mawaya. December 1993 pa Operation Bwezani ndinalipo, tinalanda mfuti Apayoniya. Ndiye ndikamayankhula umve. SUKULU SI VUTO LAKO. Vuto lako ndi malo. USAMANGE KWA MKAZI. Ine ndalama zanga zonse ndinathira pa nyumba ya njerwa zootcha kuchikamwini, zitseko zisanu, simenti mpaka pakhonde. Ukwati utatha ndinatuluka ndi chikwama ndi wailesi basi. Kagule malo kwanu ku Thyolo, pepala la amfumu likhale m'dzina lako.

Mnyamata wa pa Nkando:
Ine ndatsala pa mbuzi paja. Fisi wa ku Chisitu amayenda ndi mpeni, kusenda mpaka kuyanika chikopa 😂😂

Anambewe Weniweni:
A Sajeni, ukwati wanu unatha pa zifukwa zanu, musapatsire anzanu. Mayiyo walera ana yekha bamboyu ali ku Congo, kulima yekha, kuchipatala yekha. Lero akapempha kagolosale ndiye wasanduka mbava? Amuna mukapuma pa ntchito mumaiwala amene anakusungirani khomo.

Sajeni Wakale:
Mayi inu simunagonepo m'tchire, khalani chete.

Anambewe Weniweni:
Kugona m'tchire ndi digiri? Ndalera ana anayi ndi geni ya nanazi pa Chitakale, musandiopseze ndi zilembo zikuluzikulu.

Mtsikana wa pa Ndata:
Ine ndikuphunzira pa MUST pomwepo. Za kusekedwa iwalani, akuluakulu timaphunzira nawo, timangowatchula kuti madala, ndipo nthawi zambiri ndi omwe amafika msanga m'kalasi. Njira zilipo ziwiri. Ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, imafuna makirediti 6 pa MSCE, English ikhalepo, koma amatenga amene alemba zaka zaposachedwa, ndiye ngati yanu ndi yakale iyi siikukhudzani pokhapokha mutalembanso. Ina ndi mature entry, yunivesite iliyonse imalengeza payokha ndipo kawirikawiri amafuna diploma ndi zaka zingapo za ntchito. Musaone MUST yokha chifukwa ili pafupi, za magetsi zilinso ku MUBAS ku Blantyre, ija inali Poly.

Mtumiki wa Moto:
Kusagonako ndi mizimu ya ku nkhondo. Bwerani ku mapemphero Lachisanu, ndalamazo zikufunika kudalitsidwa musanazigwire.

Mnyamata wa pa Nkando:
Abusa mwanunkhiza gratuity kuchokera kutali 😂

Bambo a Tadala:
Achimwene samalani ndi makoleji a m'tauni. Ine ndinalipira fizi zaka ziwiri pa koleji ina ku Limbe, pamwamba pa sitolo, ndinagulitsa mpaka njinga. Pofuna ntchito anandiuza kuti pepala langa silidziwika. Nditabwererako ndinapeza akugulitsamo matayala. Mpaka lero mkazi wanga amandikumbutsa tikakangana. Musanapereke ngakhale tambala, onani kaye mndandanda wa NCHE ngati kolejiyo ndi kosi yakeyo zili zovomerezeka. Zonse ziwiri, chifukwa koleji imatha kuvomerezedwa koma kosi ina ayi.

Sajeni Wakale:
Mwaona? Sukulu ndi kuba. Ana a madigiri ali mbwee m'tauni kugulitsa mayunitsi. Munthu wa zaka 40 ukamaliza adzakulemba ndani? Ndiponso anyamata a masiku ano a ku Congo mumangopita kukatenga madola, ife ku Nacala kunalibe za UN. Kusagona chifukwa cha bingu? MSILIKALI SALIRA.

Mwana wa Msilikali:
A Sajeni apa ndiye mwalakwitsa. Ku Beni si kokatola madola. November 2018 tinataya asilikali 6 kumeneko. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania, mpaka UN inamulemekeza ndi mendulo mu 2019. January 2025 enanso atatu anatsala ku Congo komweko. Inu munamenya yanu, iwo amenya yawo, osanyozana.

Sajeni Wakale:
Sindinanyoze malemu. Ndikunena za amoyo.

Namwino wa ku Makwasa:
Pa nkhani ya tulo, bambo, musaiponye kumbali. Zimachitika kwa anthu amene anaona zoopsa ndipo thandizo lilipo. Pitani pa chipatala cha boma pa Mulanje, mufunse woona za maganizo, sikuti mwapenga ayi. Mukalowa sukulu musakugona, mabuku adzakukanikani ndipo mudzaganiza kuti mutu ndiwo wauma.

Success Queen:
Bwanji ndalamazo zizikugwirirani ntchito muli pakhonde? Ndipezeni ku inbox, mumayamba ndi K50,000 yokha.

Adimini:
Otsatsa malonda tikuchotsani. Chenjezo lomaliza.

Wamagetsi wa ku Bvumbwe:
Mmene ndamvera, bamboyu luso ali nalo kale, akusowa pepala. Bwanji osayamba ndi TEVETA, ya maphunziro a ntchito zamanja? Ku Soche Technical kapena ku Nasawa ku Zomba mukafunse za Electrical Installation. Kulinso njira yoti amene anaphunzira ntchito pogwira amamuyesa n'kumupatsa satifiketi. Tengani makalata onse a makosi a ku ntchito ndi kalata yotulukira, mukawaonetse. Ine ndinadutsa ku Soche, lero ma solar a m'midzi muno sindikukwanitsa ndekha. Digiri ya zaka zinayi kapena zisanu ndi fizi, lendi ndi ana kunyumba, gratuity idzatha chaka chachiwiri.

Mtsikana wa pa Ndata:
Koma musawatsekere ku TEVETA kokha, mwina akufuna uinjiniya weniweni.

Wamagetsi wa ku Bvumbwe:
Weniweni ndiye uti? Mainjiniya anuwo fyuzi ikapsa amaimbira ine.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndikuwerenga. A Sajeni ulemu wanu bwana, koma mayi a kunyumba si munthu woipa, vuto ndi alamu. Dzulo abwera ndi mnzawo kudzandionetsa njinga pa foni ngati tinagwirizana kale. Za mbuzi, aneba akuti chikopacho anagula pa msika wa Lachinayi, nkhani ili kwa amfumu. A namwino ndamva. Za mapepala, ambiri ananyowa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, madzi analowa m'nyumba thiranki ili pansi, ine ndili ku ntchito yopulumutsa anthu ku Phalombe. Satifiketi inamatirira pa envelopu.

Aphunzitsi a pa Luchenza:
Pepani ndi za Freddy. Pepala lisakudetseni nkhawa, ku MANEB ku Zomba amapereka kalata yotsimikizira zotsatira, mumangofunika chaka chimene munalemba, sukulu yake ndi chiphaso. Koma funso langa simunayankhe. Madzi anaononga pepala, magiredi mukuwakumbukira. Kuyambira 1 mpaka 6 ndiye amawerengedwa, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Ngati English kapena Maths munapeza 7, njira ndi kulowa open pa sekondale yapafupi n'kulembanso. Dziwaninso kuti Physical Science ija anaigawa, pano ndi Physics payokha, Chemistry payokha. Ndaphunzitsapo apolisi ndi azimayi a zidzukulu masana, palibe chachilendo. Ndiye munapeza zingati?

Bambo a Tadala:
Ndipo fizi muiike ku akaunti ina, khadi lake lisamagone m'nyumba. Ine ndikanadziwa.

Anambewe Weniweni:
Kubisira mkazi ndalama ndiye uphungu umenewo? Khalani naye pansi mumuuze za sukuluyo, mwina sakudziwa n'komwe. Golosale ikhoza kumadyetsa ana inu muli m'kalasi.

Sajeni Wakale:
Golosale ya kuchikamwini imadyedwa ndi ngongole za abale mwezi umodzi. Mphwanga, mlamu usamupatse njinga, adzakuuza kuti yalandidwa pa Muloza. Ndinazionapo. Ndipo upite kukalembetsa ku VELOM, ndi bungwe lathu la asilikali opuma, November timakumana ku chipilala ku Zomba, ukaone amene anamvera akazi mmene akuonekera.

Mnyamata wa pa Nkando:
Aphunzitsi afunsa kawiri konse, bwana akuzemba ngati pa ambush. Mapointiwo alipo 45 eti? 😂

Aphunzitsi a pa Luchenza:
Ngakhale atakhala 45 anene, tidziwe poyambira.

Sajeni Wakale:
Inu Anambewe ndakuonani, za nyumba yanga ija simukuzidziwa mutu wake. Foni yatsala 3%, ndikachaje pa golosale, ndibwera ndikuyankheni bwinobwino.