Ndigule SC-55 kapena ndingokhala ndi SC-88 yomweyi?

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene munagwirako ma sound module a Roland (timabokosi toliza nyimbo za MIDI, monga SC-55 ndi SC-88) ndi manja anu, osati kungowamvera pa YouTube.

Ndimajambula nyimbo za magemu akale a DOS. Gemu ndimaitsegula mu DOSBox (pulogalamu yoyendetsa magemu a DOS pa kompyuta zamakono), MIDI (malangizo a manotsi oti alizidwe) n'kudutsa pa kachingwe ka USB kupita ku module, mawu n'kulowa mu audio interface. Module yomwe ndili nayo ndi SC-88, ya mu 1994 ija. Ndi ya ku Japan, ya 100V, ndiye imakhalira step-down, apo ayi magetsi athu a 230V akanaiotcha kalekale.

Pomwe mutu wandiimira ndi pa Doom. Bobby Prince anapeka nyimbo zake pa SC-55, imene inatuluka mu 1991. SC-88 ili ndi batani la SC-55 MAP, loti izigwiritsa ntchito zida za SC-55, ndipo ndimalidina ndisanayambe kujambula. Komabe ndikafanizira ndi zomwe anzathu anajambula pa SC-55 yeniyeni, gitala ya mu level yoyamba imamveka yosalala mopitirira, ngati yachita kusitidwa. Ng'oma nazo sizikuluma chimodzimodzi. Dzulo ndinabwereza masekondi 20 omwewo mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati kompyuta yazizira. Kodi ndi makutu angawa, kapena MAP ija imangoyerekeza?

Ngati n'kugula, ndalama ilipo ya chimodzi basi. SC-55 yoyamba imatha kuliza manotsi 24 nthawi imodzi, yachiwiri yake, mkII ya mu 1993, imafika 28, pamene SC-88 yangayi imafika 64. Ndikuopa kuti pa yoyambayo manotsi azidukira panjira nyimbo ikachuluka zida. Koma mkII anaichotsera capital tone fallback (kubwerera ku mawu oyambirira a chida), ndiye gemu ikaitana variation (mtundu wina wa mawu a chidacho) yomwe mulibemo, chidacho chimangoti zii. Munakumana nazo pa magemu ati?

Za MT-32, module inanso ya Roland, ndikudziwa kuti ndi mtundu wina. Ndi ya mu 1987, General MIDI (muyezo wa mndandanda wa zida) isanabwere, ndipo magemu a kampani ya Sierra amaitumizira mawu awoawo kudzera mu SysEx (mauthenga apadera a MIDI), zomwe Sound Canvas (banja la SC-55 ndi SC-88) singamve. Pakadali pano ndikudalira Munt, pulogalamu yotsanzira MT-32 pa kompyuta.

Yankho: Achimwene, si makutu anu. MAP imasankha zida za SC-55, koma zikulirabe m'makina ena, ndiye kusiyana kumakhalapo. Ngati cholinga ndi Doom ndi magemu a nthawi imeneyo, gulani SC-55. Manotsi 24 asakuopseni, wopekayo ankamva zomwezo pamene ankalemba.

Yankho: Ine ndikutsutsako pang'ono. Muli kale ndi Sound Canvas, ndalamayo bwanji osaiika pa MT-32? Mukatero yang'anani kumbuyo kwake. Yopanda polowetsa mahedifoni ndi yakale, imalemba buffer overflow SysEx ikabwera mothamanga. Magemu ena anapangidwira CM-32L, m'bale wake wa MT-32, yomwe ili ndi ma sound effect 33 owonjezera.

Yankho: Musanatulutse ndalama yesani Nuked-SC55, emulator ya pa kompyuta yotsanzira SC-55. Mudzadziwa ngati kusiyanako kukukhudzanidi.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Emulator ndiyesa usiku uno. Amene muli ndi SC-55, adapter yake ndi ya 9V centre negative eti? Ndili ndi ya pedal ya gitala, koma sindikufuna kungoilumikiza mwachimbulimbuli.