Personal statement ya fellowship yandikanika, thandizeni msanga

MO (medical officer, dokotala), Mulanje: Akuluakulu, mutu waima. Fellowship (mwayi wa maphunziro apamwamba) ya neonatal care, chisamaliro cha ana obadwa kumene, ikutseka Lachisanu, akufuna mawu 500, koma zomwe ndalemba zangokhala CV yachiwiri: MBBS ku College of Medicine, internship ku Queens, kenako nursery (wodi ya makanda) kuno. Ndimafuna ndiyambe ndi namondwe wa Freddy, Malichi 2023, misewu itaduka, referral ku Blantyre osatheka, ana awiri pa concentrator (makina a oxygen) imodzi. Ndikawerenga zikumveka ngati ndikupempha chisoni. Nditani?

Registrar, Paeds (dokotala wophunzira ukatswiri wa matenda a ana): Manambala, achimwene. Tsegulani register ya nursery: admissions angati, pa CPAP (makina othandiza kupuma) angati, otuluka amoyo angati, musanasinthe kanthu ndi mutasintha. Panel imafuna umboni.

Mayi dokotala, Thyolo: Lembani Freddy, koma samalani kwambiri. Mukatchula mudzi, tsiku ndi kuti anali mapasa, munthu wa ku Muloza amuzindikira mayiyo ngakhale dzina palibe. Musalembe zodandaula za management, poti kalata yokumasulani adzasaina ndi a DHSS (mkulu wa zaumoyo m'boma lanu) omwewo. Ndipo musadzionetse ngati munapulumutsa ana nokha. Ma nurse ndi ma CO (clinical officer) anali pomwepo.

CO, Thyolo: Mwandikumbutsa usiku umene uja. Magetsi atazima tinaika ana onse ang'onoang'ono pa kangaroo. Amayi ena anali atangochoka ku theatre, ndiye agogo ndi ma guardian ndi amene anawafungatira pachifuwa mpaka kucha. Mwana mmodzi anatisiya cham'bandakucha. Mpaka pano zimandipweteka.

Registrar, Paeds: Pepani bambo, koma nkhani ngati imeneyi aliyense wa kummwera ali nayo. Chokusiyanitsani ndi audit. Manambala.

Mayi dokotala, Thyolo: Manambala ake ati, adokotala? Register ya sabata imeneyo ili ndi mipata, zikasiyana ndi DHIS2 (database ya unduna wa zaumoyo) adzakufunsani pa interview. Musaike chomwe simungachiteteze.

Wamkulu wopuma: Ana anga, funso lomwe amalifuna ndi lakuti mukabwera mudzatani. African Paediatric Fellowship Programme ya ku Cape Town, ku chipatala cha ana cha Red Cross, inakhazikitsidwa kuti anthu aphunzire n'kubwerera kwawo. Nenani nursery yomwe mudzabwerere, amene mudzawaphunzitse, ndi luso lomwe likusowa pano. ChatGPT musamupatse kuti akulembereni, owerenga aja aona zambiri zotero. Certificate of good standing ku Medical Council mwapempha kale? Musadikire Lachinayi.

Registrar, Paeds: Zoona bwana, koma ndime yoyamba ikhale data.

CO, Thyolo: Inu za study leave bwanji? Munthu akapita, salary imapitirira? Nanga bond (pangano loti mudzagwira ntchito mukabwerako) amasainitsa zaka zingati masiku ano?

Mayi dokotala, Thyolo: Funsani ku HR musanatumize chilichonse. Mnzanga anapeza malo, kalata yomumasula inachedwa, malowo anapatsa wina.