Wakopera dala kapena sadziwa kalembedwe? Ndithandizeni

Mphunzitsi watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuchonga nkhani za ophunzira a chaka choyamba ku koleji, ndipo pa nkhani ina Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuza ngati mawu akopedwa kwina, yaonetsa 38 peresenti ya mawu ofanana ndi zolemba zina. Mnyamatayu sanakopere ndime yathunthu ayi. Watenga ziganizo za m'buku n'kumangosintha mawu awiri atatu, dzina la wolemba n'kuliponya kumapeto kwa pepala basi. Nditamufunsa, akuti ku sekondale ankalemba chomwechi ndipo ankakhoza. Ndimupatse ziro n'kumupereka ku komiti?

Wa ku laibulale: Musathamangire ku komiti, bambo. Nambala ija imangowerenga mawu ofanana, siuza munthu kuti waba. Mawu ogwidwa bwinobwino ndi mndandanda wa mabuku nazonso imaziphatikiza, pokhapokha mutazichotsa pa filter. Zichotseni kaye muone chotsala.

Mphunzitsi watsopano: Ndachotsa, mayi. Yatsika pang'ono, koma ndime zitatu zikadali zofiira, kusonyeza kuti zikufananabe ndi za m'buku.

Wa ku sekondale: Ine ndivomere, mlandu wina ndi wathu. Timawapatsa manotsi, aloweze, akabweze pa mayeso. Amene wabweza ndendende ndiye timamuombera m'manja. Zaka zonsezo palibe anamuuza kuti chiganizo chili ndi mwini wake. Lero mukuti ndi mbava?

Wachikulire pantchito: Zimenezi zili ndi dzina. Rebecca Moore Howard, katswiri wa maphunziro a kalembedwe, anazitcha patchwriting m'zaka za m'ma 1990, kunena kulemba kosoka zigamba. Iye ankati nthawi zambiri ndi wophunzira amene sanamvetse bwino zomwe wawerenga, ndiye akukakamira mawu a wolembayo ngati ndodo. Ine ndimachita chonchi: ndimamuitana, awerenge ndimeyo kawiri, ndimatseka bukulo, andifotokozere pakamwa. Akakakamira, vuto ndi kumvetsa, osati kuba. Akatha kufotokoza, alembe zomwe wanenazo pomwepo, kenako aike dzina la wolemba ndi chaka m'chiganizomo monga momwe APA, njira ina yotchulira magwero a zolemba, imafunira. Akagwira mawu enieni, aike zizindikiro ndi nambala ya tsamba. Ambiri amadabwa kumva kuti ganizo lobwereka limafunika kutchula mwini wake ngakhale mawu onse ali awo.

Wina wochonga: Pepani, chifundo chisapitirire. Wokopera dala nayenso amati "sindimadziwa". Ndipo onani malamulo a koleji yanu, ena amafuna kuti nkhani iliyonse yotere ilembedwe, isathere mu ofesi. Mukabisa, mawa mlandu ndi wanu.

Wachikulire pantchito: Apo mwanena zoona, ilembedwe ndithu. Koma uyu bukulo walitchula yekha kumapeto. Wakuba sasiya adiresi. Amene wagula nkhani kapena waikokera ku ChatGPT n'kusainapo dzina lake, ameneyo ine sindimunyengerera.

Mphunzitsi watsopano: Ndabweranso. Malamulo athu amalola chenjezo ndi kulembanso ngati ndi koyamba, ndiye ndalemba lipoti kwa mkulu wa dipatimenti. Mnyamata uja ndinamutsekera buku. Ndime ziwiri anafotokoza bwino, yachitatu anangoti kakasi, sankadziwa n'komwe tanthauzo la mawu amene anasinthawo. Abweretsa yatsopano Lachisanu, pamodzi ndi manotsi ake. Koma mu mulu womwewu ndapezamo ena anayi a zigamba, ndiye Lolemba kalasi yonse titseka mabuku. Alipo ali ndi ndime yaifupi yabwino yoyesererapo?

Wa ku laibulale: Ndili nazo ziwiri, ndikutumizirani madzulo ano.