Handlepole ya jet ski yoimirira: tigule, tipangitse kapena timate yakale?

Che Saidi, Nkopola: Moni nonse akuluakulu. Pali jet ski, njinga yamoto ya pamadzi yokwera choimirira, Yamaha SuperJet 701 ya mphuno yozungulira, mtundu womwe unayamba kutuluka mu 1996. Injini ili bwinobwino, koma handlepole, mkono wautali wonyamula mahandulo, yang'aluka m'munsi pafupi ndi pivot, podutsa bawuti yaikulu imene pole imakwerera ndi kutsikira, ndipo ikugwedera uku ndi uku. Njira ndikuona zitatu: kuitanitsa ya aluminiyamu kunja, kupangitsa kwa amisiri konkuno pa muyeso wa wokwerayo, kapena kumata yomwe ilipoyo. Kodi yatsopanoyo ndi yoti munthu nkutulutsirapo ndalama zambiri chonchi?

Bambo a Tadala: Che Saidi, ine ndikuti musagule. Ambiri amaganiza kuti pole ya aluminiyamu iwonjezera liwiro poti ndi yopepuka. SuperJet imeneyo payokha imalemera makilogalamu 130 ndi kanthu, mukaikapo mafuta ndi munthu yadutsa 200. Kuchotsapo makilogalamu awiri kapena atatu, nyanja siidziwa nkomwe. Ndiye werengani madola mazana angapo a poleyo, ndalama yotumizira chinthu chachitali chotero, msonkho wa MRA, ndiponso mmene ndalama zakunja zikuvutira. Ndalama yomweyo igula impeller (chopalasa madzi cha m'pampu), wear ring (mkombero womwe impeller imazunguliramo) ndi zokonzera kabuleta, zinthu zoti kusintha kwake mumakumva tsiku lomwelo.

Abiti Yusufu: Bambo a Tadala, za liwirozo mwalondola, koma pole sagulira liwiro. Amagulira poima munthu. Utali wa pole ndi umene umalamula poti mapazi apondepo m'thireyi, malo oimamo wokwera. Ikatalika imakukankhirani kumbuyo, kulemera konse kumapita kumchira, mphuno nkumangodzuka, kumenya madzi, kudzukanso, kumenyanso. Pa madzi ogona a m'mamawa simungaone vuto. Dikirani mwera wa June ndi July, timafunde tatifupi tothinana tija, kapena mpoto ukabweretsa mafunde omwe ayenda nyanja yonse kudzaswekera kuno kumwera. Pamenepo munthu wamfupi wa pole yaitali amatopa manja pa mphindi khumi, chifukwa akulimbana ndi kukanikiza mphuno m'malo mowongolera. Nchifukwa chake okwera pamafunde amafupikitsa pole ndi masentimita 5 mpaka 10. Thupi limasendera kutsogolo, mphuno imakhazikika, pokhota simuterereka. Zimenezi impeller singakupatseni.

Bambo a Tadala: Ndavomera, Abiti. Koma kufupikitsa sikufuna pole yatsopano. Yakaleyo mumaidula pamalo owongoka, nkuchotsa masentimita omwe mukufunawo, nkulumikiza. Chofunika ndi kugwiritsa ntchito guluu wolimba wa epoxy, osati resin wa polyester womatira maboti a asodzi uja, chifukwa pa pulasitiki wopanidwa mu fakitale amene amati SMC polyester sagwira, amasendeka ngati khungwa. Palani mbali zonse ziwiri motsetsereka, utali wa popalapo ukhale ka 10 kapena ka 12 kuchindikala kwa khoma la pole. Pukutani ndi acetone, ikani nsalu ya fibreglass mkati ndi kunja, mizere inayi kapena isanu, uliwonse wokulirapo kuposa unzake. Isiyeni tsiku lathunthu pamthunzi. Padzuwa la kuno epoxy amauma musanamalize kuyala nsalu, choncho sakanizani pang'onopang'ono, osapitirira theka la kapu nthawi imodzi.

A Phiri owotcherera, Mpondasi: Bambo, zomwe mwalongosolazo nzabwino ngati pole yathyoka pakati. Ya Che Saidi yang'aluka pa pivot, ndipo apo ndi pomwe mphamvu yonse imathera. Munthu akagwa atagwirabe mahandulo, pole imakhala ngati mgwala wotalika pafupifupi mita, ukupotokola kabowo kamodzi. Kumata pamwamba pokha mng'alu ubwerera mwezi usanathe. Ngati mukufunadi kuipulumutsa, boolani kabowo ka mamilimita 3 kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kumbani mng'aluwo, ndipo mulowetse kapaipi kachitsulo chosachita dzimbiri m'bowo la bawuti, komatidwa ndi epoxy, kuti bawuti izizungulira m'chitsulo osati m'pulasitiki.

Tsopano za kupangitsa konkuno, pano pokha ndikufuna tisanamizane. Aluminiyamu wa mawindo wa m'mahadiweya sayenera ntchito imeneyi. Khoma lake ndi milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, amapindika ndi bondo. Wofunika ndi paipi ya aluminiyamu wolimba wa mtundu wa 6061-T6, m'mimba mwake mamilimita 38 mpaka 50, khoma mamilimita 3. Ndipo ngakhale mwaipeza, kuwotcherera kumaifewetsa. Pomwe moto wadutsa, mphamvu ya 6061-T6 imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposapo, ndipo sibwerera pokhapokha itaphikidwanso mu uvuni yapadera. Nchifukwa chake pole zowotcherera mosasamala sizithyoka pa msoko penipeni, zimathyoka chala chimodzi pambali pake. Makina ake ndi TIG ya AC, mpweya wa argon, waya wa 5356 kapena 4043. Makina a ndodo owotcherera mageti aja aiwaleni.

Ine malangizo anga ndi oti musawotcherere nkomwe. Mapaipi awiri owongoka, chipika cha aluminiyamu m'munsi chokhala ndi bowo la pivot, china pamwamba chonyamula mbale ya chiwongolero, zonse zosemedwa pa makina ku Blantyre. Mapaipi amalowa m'zipikazo nkupanidwa ndi mabawuti a M8, awiriawiri paipi iliyonse. Umu ndi mmene pole zambiri zakunja zosinthika utali zimapangidwira. Paipi ikapindika, mumangosintha paipiyo.

A Mbewe: A Phiri, nanga stainless? Owotcherera stainless ndi osavuta kupeza kusiyana ndi a aluminiyamu.

A Phiri owotcherera, Mpondasi: Ndizotheka, achimwene, koma stainless amalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wa kukula komweko. Muyenera kutsitsa khoma kufika mamilimita 1.5, apo ayi pole idzalemera kuposa yakaleyo, ndipo kulemera kwa pamwamba ndi komwe kumapendamitsa jet ski pokwera muli m'madzi akuya.

Che Jafali, Monkey Bay: Zachitsulo mwakamba, koma zomwe zimapweteka anthu zili mkati mwa pole. Mumadutsa kebulo ya chiwongolero, kebulo ya thirotulo, ndi mawaya a switchi yoyatsira ndi kuzimitsira, komwe kumalumikizika kachingwe ka pamkono kaja. Mukafupikitsa pole ndi masentimita 10, zonsezi zimatsala ndi masentimita 10 osowa kolowera.

Kebulo ya chiwongolero siifuna kupindidwa mwamphamvu. Ikapindika ngati chigongono, waya wa mkati umayamba kuduka ulusi umodziumodzi, chiwongolero chimalimba, tsiku lina nkuduka muli pakati pa nyanja. Muiyale mokhota bwino m'chipinda cha injini, kutali ndi ekizosi. Mukatha, wongolani mahandulo, pitani kumbuyo muone ngati nozzle, kukamwa kotulukira madzi komwe kumakhotetsa jet ski, yaloza pakati penipeni. Ngati ayi, sinthani pa mazinga a kumapeto kwa kebulo, kenako khotetsani mbali zonse muone kuti nozzle ikuyenda mofanana.

Ya thirotulo ndiyo yoopsa. Injini ili yozima, tsegulani hudu, wina ayang'ane pa kabuleta. Kwezani pole mpaka pamapeto, tsitsani, khotetsani mahandulo kumanzere ndi kumanja ili pamwamba, bwerezani ili pansi. Kamkono ka pa kabuleta kasasunthe ngakhale pang'ono, ndipo mukafinya nkusiya kabwerere kokha mpaka kumveke kugunda. Kakasuntha ndiye kuti pamadzi injini izidzikweza yokha mukaimirira. Jet ski imeneyi ilibe buleki, ndipo m'mbali mwa nyanja yathuyi muli ana osamba, amayi ochapa, mabwato ndi maukonde. Apa palibe zoti tiona mawa.

Mawaya muwaveke kapaipi ka labala podutsa pa pivot. Akapekesana ndi chitsulo, jet ski imazima yokha kapena kukana kuzima.

Abiti Yusufu: Onjezaniponso sipuling'i, Che Jafali. Ya kufakitale inapangidwira kulemera ndi utali wa pole yakale. Pa pole yaifupi yopepuka imakankha mopitirira, pole nkumangoima yokha, mukatsika pafunde nkukumana ndi chibwano. Ifunika yofewerapo, kapena kuichotsa ngati pole ndi yopepuka kwenikweni. Khushoni ya pachibwano isasowe, thovu lolimba la masentimita awiri kapena atatu lokuta mabawuti onse a pamwamba. Komanso chingwe chomangira pole ku hull, thupi la jet ski, kuti isadutse malire pokwera, chifukwa ikamenya kumapeto ndi mphamvu imang'amba bulaketi yogwira pole m'munsi.

A Mbewe: Bulaketi imeneyo ndi imene ikundichititsa kukayika nkhani yonseyi. Pole yakale imagonjako pang'ono, imameza mbali ina ya nkhonya ya funde. Ya mapaipi awiri siigonja. Mphamvu yonse imatsikira pa mabawuti omanga bulaketi ku mphuno ya hull ya zaka zoposa makumi awiri. Mumathetsa mng'alu wa pole nkuyambitsa wa hull, womwe ndi wovuta kwambiri, chifukwa umalowetsa madzi ku injini. Amene akugula pole awerengeretu mbale yolimbitsira ya aluminiyamu ya mamilimita 5 kapena 6 pansi pa bulaketi, mawashala akuluakulu, ndi sealant ya polyurethane m'mabowo. Mabawuti akhale a stainless, opakidwa mafuta oletsa kugwirana. Zoona, madzi athu alibe mchere, sitivutika ngati a ku Beira kapena Durban, komabe stainless ndi aluminiyamu zikakhala pamodzi m'chinyezi zimamera ufa woyera uja, bawuti nkukana kumasuka.

China, pole zina zakunja zimalowetsa mpweya wa injini kudzera m'mapaipi akewo. Jet ski ikagubuduka, madzi amatsata njira yomweyo. Kukamwa kwa mapaipi kuyang'ane kumbuyo kapena pansi pa khushoni. Injini ikamwa madzi musalimbane ndi sitata: chotsani mapulagi, gwirizani mawaya ake ku bodi ya injini, pukusani mpaka madzi atuluke, ndipo muilize tsiku lomwelo ma bearing asanagwire dzimbiri.

Bambo a Tadala: Mwaona tsono? Tayamba ndi pole, tafika pa sipuling'i, mbale, khushoni, mwina ndi kebulo yatsopano. Ndikadali pomwe ndinaima. Ngati jet skiyo ndi yoyendera Loweruka pa madzi abata, kapena amakwera anthu osiyanasiyana, kumata ndi kapaipi ka a Phiri kaja kwakwana.

Abiti Yusufu: Pa anthu osiyanasiyana ndiye yosinthika utali imapambana, bambo, mumamasula mabawuti anayi basi. Koma pa mfundo imodzi tigwirizane: Che Saidi asalipire kanthu asanayese. Tengani thabwa kapena paipi ya PVC, boolani bowo la pivot, kumtunda boolani mabowo asanu otalikirana masentimita 2.5, kuyambira pa muyeso wa pole yakale kutsika. Muyeso muziyambira pakati pa bawuti ya pivot kufika pakati pa bawuti ya chiwongolero, osati kumapeto kwa pulasitiki. Jet ski ili pa thirela, wokwera aime m'thireyi phazi lina kutsogolo, mawondo opindika pang'ono, mahandulo afike cha m'chiuno, zigongono zosawongoka. Kenako agwade, pole ili pansi, aone ngati mawondo sakugunda mahandulo, ndiponso ngati mahandulo akakhota sakukhudza hudu. Bowo lomwe lamukomera likakhala la muyeso wakale kapena loyandikana nalo, Bambo a Tadala apambana, matani. Likatsika masentimita 7.5 kapena 10, ndipo munthuyo amakonda mafunde, pole yatsopano ndi ndalama yolowa pamalo pake.

Che Saidi, Nkopola: Zikomo nonse. Tiyamba ndi thabwalo. Tikapeza kuti pakufunika yaifupi, a Phiri, ndidzafuna mundijambulire zipika zija ndi miyeso yake tisanapite nazo ku Blantyre.

Che Jafali, Monkey Bay: Musanadule thabwa, Che Saidi, masulani kaye bawuti ya pivot muone mabushi. Mchenga wa pagombe ukasakanikirana ndi girisi umawadya ngati sandipepa, ndipo kugwedera mwanenako mwina theka lake ndi mabushi otha, mwinanso ndi omwe anayambitsa mng'aluwo. Atsopano asemeni a pulasitiki wolimba wotchedwa Delrin, amene safuna girisi, ndipo bawutiyo imangidwe ndi nati ya nyloc, yosamasuka yokha, mpaka pole izikwera ndi kutsika popanda kugwedera m'mbali.